Mawu Awiri a ku Depoti

Dzina lake linali litadulidwa ndi bolopeni yofiira, mzere umodzi wowongoka bwino ngati wodulayo anachita kuikapo rula. Pansi pake panali dzina lina, lolembedwa pamanja.

Kachete anaima pa bolodi la zidziwitso Lachinayi m'mawa, chikwama chikadali kumsana, n'kuliwerenga pepalalo katatu. Linali lomwe lija limene linakhomedwa mwezi wapitawo: ophunzira atatu opita ku mpikisano wa masamu wa sukulu zonse za m'chigawo, ulendo Loweruka. Mayina a anzake awiri, onse anyamata, analipobe. Wochotsedwa anali iye yekha.

Dzina loti Kachete anam'patsa ndi anzake a m'kalasi chaka choyamba, ataona kuti mtsikanayu amatha tsiku lathunthu osatsegula pakamwa, kupatula poyasamula. Sanalikane, kulikana kukanafuna kuti alankhule. Masamu ankawakondera chomwecho. Safuna kuti uime kutsogolo anthu makumi asanu akukuyang'ana milomo. Umangowerama n'kulemba, yankho n'kudzinenera lokha. Miyezi isanu anakhala akutsalira anzake akaweruka, kusova mapepala a zaka zam'mbuyo mpaka khungu la chala chapakati linauma pamene pamatsamira bolopeni. Ndipo chaka chino chinali chake chomaliza pasukulupo. Mpikisano wina sukanam'pezanso.

"Iwe ndiye munthu, wamva?"

Anatembenuka. Anali Wailesi, mtsikana wa desiki yakumbuyo, amene pakamwa pake panalibe batani lozimitsira. Pa mayeso osankhira atatuwo iye anali wachinayi.

"Dzulo Madamu andiitana, akuti konzeka, mnzako wasiya. Ine ndati wasiya ndani? Akuti Kachete. Ndinaseka mpaka m'mimba kupweteka. Amayi achapa kale chikwama cha ulendo, n'kulengeza mzere wonse wa nyumba kwathu. Ndiye chavuta n'chiyani, achemwali? Mwamva kuti pageti kumeneko aliyense amanena dzina lake mokweza?"

"Sindinasiye," anatero Kachete.

"Ati bwanji? Kweza voliyumu."

Koma Kachete anali atayamba kale kuyenda.

Madamu anali m'chipinda cha aphunzitsi, akuchonga makope, kapu ya tiyi ili pamwamba pa mulu wina. Ankaphunzitsa Chingerezi, ndiponso ndi iwo amene ankayendetsa za maulendo onse a sukulu. Uthenga uliwonse wopita kwa makolo ankaulemba m'Chingerezi, ati kuti makolo azidziwa kuti ana awo anawatumiza kusukulu, osati kumsika.

Kachete anagogoda pachitseko chotsegula kale, n'kuima manja ali kumbuyo. Mawu onse amene anawakonza m'njira anabalalika, panatsala atatu okha.

"Dzina langa, Madamu."

"Dzina lako latani? Akuchotsa ndi bambo ako." Sanadzutse n'komwe mutu. Anamaliza kope limene linali patsogolo pawo, kenako anatenga foni patebulo. "Lolemba ndinatumiza uthenga kwa makolo a nonse atatu. Tamvera. Saturday trip: if your child is pulling out, reply YES by Wednesday. Makolo a anyamata aja anakhala chete, kutanthauza kuti ana awo akupita. Bambo ako ndi awa."

Anam'tembenuzira foniyo ili m'manja mwawo momwemo, chapatali. Pa mndandanda wa mauthenga panali nambala ya bambo ake, ndipo pansi pake mzere umodzi: YES. She is pulling out, kenako timadontho titatu.

"Pull out ndinakuphunzitsani teremu yatha. Amatanthauza chiyani?"

"Kusiya chinthu chimene unavomera kuchita."

"Ndiye ukufunanso chiyani kwa ine? Mayina ndatumiza kale dzulo masana. Madzi akatayika saoleka. Ukafunse kwanu."

Tsiku limenelo Kachete sanamve chilichonse cha m'kalasi. Mkwiyo wake sunali waphokoso. Unali ngati moto wa utuchi, wonyekera pansi, pamwamba pakuoneka phulusa lokha. Kumbuyo kwake Wailesi ankabwereka mapepala akale kwa mmodzi wa anyamata aja, akufunsa mokweza ngati kumeneko kumazizira. Kachete anakumbukira tsiku lina bambo ake akufunsa mayi ake kuti mwana wamkazi akagona kuti masiku awiri, ndipo akamuyang'anira ndani. Anafunsa kamodzi kokha, n'kuoneka kuti akhutira. Kani anali ndi zawo mumtima. Masabata onsewa ankam'limbikitsa pa chakudya, kumuuza kuti akawaonetse anyamatawo, pomwe iwo anali atakonza zom'thyola miyendo? Belu loweruka litalira sanatsalire, sanapitenso kunyumba. Analunjika ku depoti ya mabasi.

Bambo ake ankagwira ntchito yotulutsa mabasi. Zaka makumi awiri ndi ziwiri anaima pabwalo lomwelo, atavala jekete lachikasu lonyezimira, pepala la nthawi lili pa kathabwa kudzanja lamanzere, wezulo ali m'khosi. Depoti yonse inkawatchula kuti a Wezulo. Sukulu anaisiyira panjira, koma Chingerezi anachitola pantchito, kwa mabwana ndi pa mapepala a nthawi, ndipo ankachisamala ngati suti ya ukwati. Anthu oyandikana nawo nyumba akalandira fomu kapena kalata yovuta ankabwera nayo kwa iwo, iwo n'kuvala magalasi pakhonde, n'kuimasulira ngati woweruza.

Kachete anadutsa pakati pa ogulitsa madzi ndi onyamula katundu, utsi wa dizilo ukumuyabwa kukhosi. Anawaona patali, ataima kutsogolo kwa basi yodzaza, akuyang'ana wotchi. Bambo akewo anakweza dzanja.

"Namba seveni, pulauti!"

Analiza wezulo. Basi inabangula, n'kuchoka pamalo pake pang'onopang'ono, kulowera kugeti.

Kachete anaima pomwepo ngati waponda msomali. Mawu amenewo anakula nawo. Kunyumba, banja likamachedwa kupita kutchalitchi, bambo ake ankaima pakhomo n'kunena kuti tiyeni, pulauti, nthawi yatha. Koma m'mutu mwake pulauti anali mawu a ku depoti, m'bale wake wa dizilo ndi tayala. Pull out wa Madamu ankakhala kwina, m'kope, mawu awiri otalikirana, odulidwa mzere kunsi. Sanaganizepo ngakhale tsiku limodzi kuti ndi munthu mmodzi wovala malaya awiri.

Kuzindikirako sikunam'tonthoze. Kunangosonkhezera moto uja. Akanam'chotsa dala, bwenzi pali chifukwa choti n'kulimbana nacho. Koma miyezi isanu kutayika chifukwa cha basi?

"Mayi, mwabwera kudzationa?" anatero bambo ake atamuona, akumwetulira. Ankam'tchula kuti mayi zinthu zikamawayendera bwino. "Ndimafuna ndikuuze madzulo. Ndalankhula ndi dalaivala wa Loweruka. Mpando wakutsogolo ndi wako."

"Foni yanu, ababa."

"Foni yatani?"

"Uthenga wa Madamu. Munayankha chiyani?"

Anaitulutsa m'thumba la jekete monyadira, n'kuitalikitsa kumaso, n'kuwerenga okha, liwu ndi liwu, kuti makondakitala awiri amene anakhala pabenchi amveko.

"YES. She is pulling out Saturday 6 am sharp. Thank you madam. Waona? Ena amangoyankha yes basi, ngati mbuzi. Ine ndinaikamo ndi nthawi yomwe."

"Mwandichotsa."

"Ndakuchotsa kuti?"

"Pa mpikisano. Dzina langa alidula, aikapo wina. Amafunsa ngati ndikusiya, ababa. Inu mwati inde, akusiya."

"Amafunsa ngati ukunyamuka."

"Ngati ndikusiya."

"Iwe, mawu amenewa ine ndimawanena kuposa ka makumi anayi patsiku. Usanabadwe ndinali ndikuwanena. Basi ikapanga pulauti imakhala yasiya ulendo? Namba seveni ija yasiya ulendo ija?"

"Ine si basi!"

Mawuwo anatuluka aakulu moti iye mwini anadzidzimuka. Mayi wogulitsa madzi anatembenuka. Makondakitala aja anasiya macheza. Ndipo pakamwa patatseguka choncho, zonse zimene zinali mkati zinatuluka zikupondana.

"Mukanandifunsa. Ndinali m'nyumba momwemo Lolemba, ndikusova masamu patebulo, pamaso panu. Mukanangoti iwe, tawerenga apa. Koma ayi, inu mumadziwa zonse. Chingerezi chanu chimathera pageti apo, ababa. Ndi cha mabasi. Muzichisiya konkuno mukamaweruka."

Kondakitala wina wamtali anaphulika kuseka, n'kumenya mnzake pabondo.

"A Wezulo, mwana mwam'tulutsira geti lolakwika."

Nkhope ya bambo ake inasintha. Kondakitalayo sanam'yang'ane. Anabweza foni m'thumba pang'onopang'ono, n'kutseka zipi.

"Pita kunyumba," anatero ndi mawu otsika. "Pano ndili pantchito. Amene anakuphunzitsa kulankhula ndi bambo ako chonchi pagulu, ameneyo ndiye mphunzitsi wodziwa ntchito. Pita."

Mayi ake anali telala, ndipo makina awo ankakhala pakhonde. Anamva nkhani yonse mapini ali pakamwa, phazi likupalasa, osasiya kusoka mpendero wa siketi ya munthu. Atafika kumapeto kwa mzere anachotsa mapiniwo limodzilimodzi.

"Ndiye wawatukwana pamaso pa makondakitala."

"Sindinatukwane."

"Chingerezi cha mabasi si kutukwana? Chingerezi chimenecho ndi chimene chakuveka yunifolomu yomwe ukunyadirayo." Anapukusa mutu. "Koma bambo akonso. Safunsa anadya phula. Lolemba ndinawaona akulemba, lilime lili panja, ndinati m'patseni mwana aone. Akuti ayi, mwana asasokonezedwe, akuwerenga."

Kachete analowa m'nyumba. Zimenezo sanafune kuzimva. Zinkachepetsa mlandu, pomwe iye ankaufuna wathunthu.

Bambo ake anafika dzuwa likadalipo, zosiyana ndi masiku onse. Jekete sanavule. Moni sanapereke.

"Buku lija la mawu. Bweretsa."

Kachete anatenga dikishonale yake yothothoka chikuto, n'kuitsegula pa P, n'kuiika patebulo. Bambo ake anavala magalasi. Chala chinatsika ndi tsamba, kenako chinaima.

"Ehe. Mayi a mwana, bwerani mudzaone. Namba wani." Anawerenga Chingerezicho, n'kumasulira okha. "Galimoto kapena sitima kuchoka pamalo pamene inaima, kuyamba ulendo. Namba wani, osati thuu. Buku lanu lomwe likuti woyamba ndine."

"Werengani namba thuu," anatero Kachete.

"Ndaiona."

"Werengani."

"Ndati ndaiona." Anatseka bukulo mwamphamvu mpaka supuni inalira m'kapu. "Mawu amodzi, matanthauzo awiri, lina kupita, lina kusapita. Chilankhulo cha anthu amisala. Ndipo mphunzitsi wanzeru amauza makolo kuti ngati mwana sakupita nenani inde? Inde ndi wa kupita. Kuchipatala, kukhoti, kulikonse, inde ndi inde. Ndiponso ndinalemba sikisi koloko. Munthu wosiya ulendo amausiya sikisi koloko shapu?"

Apo bambo ake ankanena zoona, ndipo zimenezo zinam'psetsa mtima Kachete kuposa zonse. Ankafuna munthu mmodzi woti am'kwiyire bwinobwino, osati awiri ogawana mlandu.

"Kulondola kwanu sikundibwezera malo," anatero pomaliza.

"Mawa tikupita limodzi. Bukuli ulitenge."

"Musakakalipe, ababa. Mukakalipa, Madamu akaumitsa khosi."

"Kukalipa kapena kusakalipa, pakamwa ndi panga. Pako tapamva kale lero."

"Mukapite ndi mutu, osati ndi wezulo," anatero mayi ake ali pakhonde, makina n'kuyambanso kulira.

Lachisanu m'mawa anakhala pabenchi ya kunja kwa ofesi ya ahedi maola awiri, bambo kumapeto uku, mwana kumapeto uko, dikishonale ili pakati. Bambo ake anali atapempha mnzawo kuti awagwirire ntchito mpaka masana. Anavala shati yoyera ndi tayi, nsapato zitapolishidwa mpaka kunsi kwa zingwe. Popanda jekete lachikasu lija ankaoneka ochepa, ngati munthu wina aliyense wodikira pabenchi. Nthawi ndi nthawi ankayang'ana wotchi n'kugwedeza milomo. Kachete anadziwa kuti akutchula mabasi amene akutuluka iwo kulibe. Ophunzira odutsa ankayang'ana n'kunong'onezana. Nkhani ilibe miyendo, koma inali itafika kale.

Ofesi ya ahedi inali yaing'ono, yodzaza ndi mafayilo ndi zikho zafumbi. Ahedi anali bambo wonenepa, wofatsa, wa mtundu uja wofuna kuti nkhani iliyonse ithe tiyi asanazizire. Anaitanitsa Madamu. Madamu analowa foni ili m'manja, n'kupereka moni wa pamwamba pa milomo.

Bambo ake anayamba bwino. Anafotokoza ntchito yawo ndi zaka zawo, n'kutsegula buku pa namba wani. Madamu anamvetsera atapinda manja pachifuwa.

"Bambo, mwana wanu si galimoto," anatero.

Kachete anamva mawu ake omwe a dzulo akutuluka pakamwa pa munthu wina, ndipo anam'nyansa.

"Makolo ena awiri anamva bwinobwino," Madamu anapitiriza.

"Anamva, kapena sanauone n'komwe uthengawo?" anatero bambo ake. "Kukhala chete si kumva. Ine ndinayankha chifukwa ndimalemekeza sukulu."

"Munthu ukakhala kuti chinthu sukuchidziwa, umafunsa. Si manyazi."

"Ndipo munthu ukamalembera makolo, umalemba zoti amve. Kapena mumalemba kuti tikuoneni kuti munaphunzira?"

Ahedi anakweza manja onse awiri. "Pang'onopang'ono, akuluakulu."

Kachete anaimirira asanaganize.

"Madamu, werengani yankho lonse."

Onse atatu anam'yang'ana.

"Ndinakuonetsa dzulo."

"Munandionetsa poyambira pokha. Litseguleni. Muwerenge mpaka kumapeto, ahedi amve."

Madamu anadina. Maso awo anayenda pagalasi, n'kuima, n'kubwereranso. Kachete, amene moyo wake wonse ankawerenga nkhope za anthu pomwe ena akulankhula, anaona khosi lawo likumeza malovu. Uthengawo anali asanautsegulepo.

"Saturday 6 am sharp," anawerenga ahedi atasuzumira. Anakanda pachipumi. "Mmm."

"Patsiku ndimalandira mauthenga oposa makumi atatu," anatero Madamu. "Ndinapempha liwu limodzi. Liwulo ndinaliona. Sindingamawerenge kalata ya kholo lililonse."

Kachete anadikira kuti wina anene kuti pepani. Palibe ananena.

Ahedi anaimbira foni okonza mpikisano, akuyenda uku ndi uku chapawindo, akuseka kuseka kwa munthu wopempha. Atamaliza anakhala pansi n'kupumira m'mwamba.

"Akuti dzina likhoza kubwerera, bola kalata ifike thwelofu koloko isanakwane. Koma akufuna chifukwa chake, chosainidwa ndi kholo. Madamu, tailembeni."

Madamu anailemba pa kompyuta ya ahedi mofulumira, ngati inali kale m'mutu. Pepala linatuluka lofunda. Ahedi analiika patsogolo pa bambo ake pamodzi ndi bolopeni.

Inali mizere inayi, ya Chingerezi. Kachete anaiwerenga ali chiimire kumbuyo kwa mpando. Inkanena kuti ine, kholo la wophunzirayu, ndinayankha molakwa uthenga wa sukulu chifukwa Chingerezi sindichidziwa bwino. Sukulu inachita zonse moyenera. Ndikupepesa chifukwa cha chisokonezochi.

Bambo ake anavala magalasi. Anawerenga milomo ikugwedera, kamodzi, kenako kachiwiri. Sanafunse tanthauzo la liwu ngakhale limodzi. Chingerezi chimenechi anachimva chonse.

"Palibe za sikisi koloko," anatero Kachete. "Palibe zoti yankho silinawerengedwe lonse. Muonjezere mzere umodzi."

"Mwanawe," anatero ahedi, maso ali pawindo, "anthu aja vuto likakhala la sukulu sasintha dzina. Amati munali ndi nthawi yokwanira. Likakhala la kholo amamva chisoni. Ukufuna chilungamo kapena ukufuna ulendo?"

Kaya zinali zoona kaya ahedi ankangotchinjiriza mphunzitsi wawo, Kachete sakanatha kudziwa. Wotchi ya pakhoma inkati leveni koloko yadutsa ndi mphindi khumi.

"Musasaine, ababa."

Ananena, koma mawuwo anatuluka opanda msana, ndipo anadziwa kuti bambo ake amva kufooka kwake. Pansi pa mtima ankafuna kuti asaine. Ankafuna ndi thupi lonse, kuyambira kutsitsi mpaka kumapazi. Munthu amene dzulo anam'nyoza pamaso pa makondakitala, lero ankafuna kuti adzinyoze yekha papepala, chidindo chili pamwamba. Mkwiyo umene masiku awiriwa unkasowa pokhala tsopano unapeza malo, ndipo mbali yaikulu inakhala pa iye mwini.

Bambo ake anatembenuza bolopeni m'zala.

"Kalata imeneyi ikasungidwa kuti?"

"Mu fayilo basi," anatero ahedi. "Palibe adzaione."

"Inu mwaiona. Awa aiona. Mwana wanga waiona." Anayang'ana Madamu. "Aphunzitsi, ine sukulu ndinasiya ndili ndi zaka khumi ndi zitatu. Zimene ndikudziwa ndinachita kutola pansi, chimodzichimodzi. Inu anakupatsirani m'mbale. Koma uthenga wanu ine ndinauwerenga mpaka kumapeto."

Madamu anayang'ana foni yawo.

Kenako bambo ake anawerama n'kusaina. Siginecha yawo inali yaitali, yopiringizana, imene ankaika pa mapepala a nthawi tsiku ndi tsiku. Anasindikiza kwambiri moti pomalizira bolopeni inaboola pepala. Ahedi anamenyapo chidindo msangamsanga, ngati akuopa kuti munthu asintha maganizo, n'kuuza Madamu kuti aijambule, aitumize.

"Basi, zatha bwino," anatero. "Mawa ukupita. Ukamatuluka utiitanire mnzako uja."

Wailesi sanafunike kuitanidwa. Anali kale pabenchi ija, nkhope ili ndwii. Khoma la ofesi linali lamatabwa. Anaimirira n'kudutsa Kachete, phewa kukhudza phewa.

"Amayi ndikawauze chiyani?" anafunsa chapansipansi. "Kuti bambo ako aphunzira Chingerezi tsiku limodzi?"

Yankho sanalidikire. Analowa, chitseko n'kutsekeka.

Kachete anaperekeza bambo ake mpaka kugeti, dikishonale ili kukhwapa. Ankayenda mofulumira, akumasula tayi, n'kuipinda, n'kuilowetsa m'thumba la thalauza. Pageti anaima, osatembenuka kwenikweni.

"Amayi ako ukawauze kuti malo abwerera. Zinazo usanene."

"Ndikanena."

"Ukanena chiyani?"

"Kuti akusainitsani bodza."

"Anandigwira dzanja?" Tsopano anam'yang'ana, maso ali psuu. "Bodzalo ndi langa, ndalisaina ndekha, ndi dzina langa. Iwe usalinyamule. Ntchito yako ndi kukalemba. Ndipo usaganize kuti za dzulo ndaiwala. Tidzakambirana ukabwerako."

"Ababa."

"Ndachedwa."

Anawoloka msewu pakati pa magalimoto osacheuka, shati yoyera ija itanyowa pamsana. Kachete anagwira chitsulo cha geti ndi dzanja limene linalibe buku. Chinali chotentha ndi dzuwa, koma sanachisiye mpaka mlonda anam'funsa ngati akulowa kapena akutuluka.

"Ndikulowa," anatero, mano atakukuta.